Njerwa ya Pakati pa Chipata cha Namuthuwa

Sendezani mipando kuno, utsi ukulowera uko. Uvuni wa njerwawu upsa wokha, sufuna kuuyang'anira ngati mkaka wa pamoto. Poti takhala pafupi ndi njerwa, lekani ndikuuzeni za njerwa zina zimene zinatichititsa manyazi ine ndi alamu anga a Namakhwa, anthu a imvi zathu, masanasana.

Ine ndine Mpulula, kalipentala. A Namakhwa ndi mmisiri womanga, ndipo anakwatira achemwali anga a Enifa. Tagwira ntchito limodzi zaka makumi atatu. Munthuyo ndi katswiri, zimenezo sindingamuchotsere, koma makani ake! Khoma likapendekeka, wolakwa ndi mchenga. Likang'aluka, wolakwa ndi kalipentala.

Amene munapitako ku esiteti ya tiyi ya Namuthuwa mukuidziwa nyumba ya pachipata. Amene simunapiteko, tamverani. Ili pamene msewu umachoka m'mabulugamu n'kulowa m'minda ya tiyi. Ndi ya njerwa zofiira zosapaka pulasitala, makoma ake okhuthala moti munthu ungagone pawindo. Pakati pake pali khomo lalikulu lopindika pamwamba ngati uta, lalitali moti ngolo yodzaza mabokosi a tiyi inkadutsa bwinobwino. Utawo mulibe chitsulo, mulibe thabwa. Ndi njerwa zokhazokha zotsamirana, makumi anayi ndi imodzi kutsogolo kwake, ndipo ya pakati pamwamba, yosongoka ngati nkhwangwa, ndi imene imagwira zinzake zonse. Kumanzere kuli chipinda cha mlonda chokhala ndi chumuni. Kumanja kuli masitepe opapatiza okhotakhota, okwerera ku kachipinda ka pamwamba pa uta, kamene kali ndi windo limodzi lozungulira ngati diso la kadzidzi. Denga ndi la matailosi akuda ndi ndere. Anaimanga anthu a m'nthawi ya thangata, ndipo mayina awo palibe amene anawasunga. Pakhoma pali chikwangwani chonena kuti nyumbayo ndi yotetezedwa, ngakhale msomali sukhomedwa popanda chilolezo.

Chaka chimenecho uta unang'aluka pamwamba, njerwa ya pakati ija n'kusweka. Kunabwera mayi wina wochokera ku ofesi yoona za zinthu zakale, Mayi Nkhonjera, wamfupi, wovala magambuti, wolankhula mosazungulira.

"Bambo Namakhwa," anatero, "muphwasule utawu njerwa imodzi imodzi. Iliyonse muilembe nambala ndi choko, ndipo ibwerere pamalo pake. Matope akhale a laimu ndi mchenga monga anachitira eni ake. Simenti ndisaione."

"Laimu amachedwa kuuma, mayi," anatero alamu.

"Wakhala zaka zoposa zana, ndiye sanachedwe kwenikweni. Koma mumalize mvula isanagwe. Mukalephera, akuluakulu anga agamula kale kuti achirikize ndi zitsulo n'kutseka khomoli ndi khoma."

Apo ndiye panali nkhani. Midzi itatu imadutsa pakhomo limenelo popita kuchigayo ndi kuchipatala. Likatsekedwa, mayi wodwala azungulira minda yonse ya tiyi, ulendo wa maola awiri. Ndiye anthu akamadutsa pakanjira kamene tinawasiyira m'khomo momwemo, m'mbali mwa nsanja, ankatiuza kuti, "Amisiri, musatigwetse mphwayi."

Ntchito yanga inali kupanga chikombole cha matabwa chopindika ngati utawo, choti njerwa zikhalepo mpaka ya pakati italowa. Ndinachipanga, ndinachiimika pamizati, tinamanga nsanja, ndipo tinaphwasula. Achemwali ndi amene ankatitungira madzi, ndipo nthawi ya teni koloko ankatibweretsera tiyi ndi mbatata. Tinkamwera m'chipinda cha mlonda.

Kumtunda kuja nkhungu ili ndi khalidwe lake. Ngakhale mwezi wa dzuwa, imatsika m'phiri mwadzidzidzi, n'kuphimba zonse moti dzanja lako lomwe umaliona mwa apo ndi apo, kenako n'kuchoka ngati sinabwere. Masiku amenewo inkakonda kubwera nthawi ya tiyi.

Tsiku loyamba kumanga, titatuluka kokamwa tiyi, mpeni womangira wa alamu unasowa. Anausiya pamulu wa matope, ine ndikuona.

"Alamu, bweretsani mpeni wanga," anatero.

"Ndiutani ine mpeni wanu? Ndipalire matabwa?"

Tinafuna paliponse. Anaupeza ndi achemwali, m'kachipinda ka pamwamba, pawindo lozungulira lija. Unali wotsukidwa mbee, ukadali wonyowa. Alamu chibadwire sanatsukepo mpeni ntchito ili mkati.

"Wakutsukirani ameneyu ndi waulemu," anatero achemwali. "Ine ndinatopa nako kunena."

Tinaseka, koma potsika masitepe aja tonse tinamva fungo la fodya wa chingambwe. Palibe amene amasuta mwa ife atatu.

Mawa lake, tili pakati pa mbatata, kunja kuli nkhungu, tinamva ng'o, ng'o, ng'o. Amene munakhalako pafupi ndi omanga mukukudziwa kulira kwa chigwiriro cha mpeni pogogoda njerwa kuti ikhale. Kunali komweko. Alamu anasiya kutafuna.

"Ndi mbalame ija, gogomole," anatero.

"Gogomole wagogoda njerwa liti?" ndinafunsa.

Anangokankhira kapu yawo kwa achemwali kuti awonjezere tiyi.

Tsono alamu anachita chinthu chimene ankaganiza kuti n'chanzeru. Ataona kuti laimu akuchedwa, anabwera ndi simenti m'kathumba ka shuga, atabisa m'chikwama. Ankathira pang'ono m'matope, akuyang'ana kumsewu ngati mwana woba ndiwo.

"Mayi aja akadziwa?" ndinatero.

"Adziwa bwanji? Anyambita khoma?"

M'mawa umenewo anayala njerwa zisanu ndi imodzi mbali ya kumanzere, n'kutsika akuimba mluzu. Tinamwa tiyi. Nkhungu inabwera, inapita. Titatuluka, njerwa zonse zisanu ndi imodzi zinali pansi, zosanjidwa bwinobwino motsata manambala ake, zopalidwa matope onse. Matope a simenti aja anali ataunjikidwa pambali, pamwamba pake atavundikira kathumba ka shuga kaja.

Alamu anafiira maso. "Alamu, masewera awa ndi oipa."

"Ndinali nanu m'chipindamo. Mbatata yanu yachiwiri munalanda m'manja mwanga."

Anazungulira nyumba yonse kufuna mapazi. Panalibe. Anakafunsa amayi otchola tiyi m'munda wapafupi ngati anaona munthu. Iwo anati m'nkhungu muja anamva amuna akuimba chapansipansi, nyimbo yokokera zolemera, koma ankaganiza kuti ndife.

"Ife kuimba?" anatero alamu. "Mpulula akaimba agalu amathawa."

Mawa lake anayesanso, simenti atasakaniza kunyumba kuti isaoneke. Njerwa zinatsikanso. Ulendo uno kathumbako tinakapeza katakolekedwa pachikwangwani chonena kuti nyumba ndi yotetezedwa, poonekera aliyense wodutsa. Alamu anakachotsa msangamsanga, ndipo simenti inathera pomwepo.

Achemwali ndi amene anakumana nawo pamsewu alendo ophwasula njerwawo. Linali Lachinayi. Anafika ndi tiyi mochedwa, dengu lili pamutu, koma osalankhula, chinthu chachilendo kwa a Enifa. Atathira tiyi anakhala pansi.

"Bambo a Fulo," anatero kwa amuna awo, "mwalemba anthu ena ntchito?"

"Ayi. Bwanji?"

"M'mabulugamu muja nkhungu inandipeza. Ndiye ndinamva mapazi kumbuyo kwanga, ambiri, opanda nsapato. Ndinapatuka kuti adutse. Anali pamzere, amuna okhaokha, atasenza zinthu pamutu, atafunda ziguduli. Nkhope sindinazione bwino. Womaliza anaima n'kundipatsa moni m'Chilomwe chakale chija, chimene ngakhale amayi ankachilankhula movutikira."

"Ndiye munatani?"

"Ndinagwada n'kuyankha, nanga n'kutani? Ndiye anati, 'Uwauze amuna ako kuti mchenga asefe kawiri.'"

Ine ndinacheukira kukhomo. Koma alamu anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Mchenga wanga uli bwino!"

"Ine ndangopereka uthenga," anatero achemwali. Ndipo kuyambira tsiku limenelo ankabwera ndi kapu yachinayi ndi mbatata yapadera, n'kukaziika pawindo lozungulira. Sindikuuzani kuti tiyiyo ankamwedwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti kapu inkabwera yotsuka.

Masana omwewo ndinawaona alamu akusefa mchenga kachiwiri, atatembenukira kukhoma kuti ndisawaone.

Ine ndinkaseka kwambiri masiku amenewo, poganiza kuti alendowo nkhani yawo ndi ya omanga okha. Loweruka ndinalowa pansi pa chikombole changa kukakhoma thabwa lina. Ndinaika hamala pafupi ndi bondo langa, ndinatembenuka kutenga msomali, pobwerera hamala palibe. Nkhungu inali itangoyamba. Poyang'ana kunja, ndinaiona ili chilili pamwala wa m'mbali mwa msewu, mapazi khumi kuchokera pamene ndinali, chigwiriro chili m'mwamba.

"Inu akuluakulu," ndinatero mokweza, ndikudzilimbitsa mtima, "ine simenti sindinathire nawo."

Ndinatuluka chokwawa kukaitenga. Nditangoigwira, kumbuyo kwanga kunamveka phwa! Mzati umodzi unathyoka pakati, matabwa a mbali ya kumanja n'kugwera pamalo penipeni pamene ndinagwada. Mzatiwo unali wa bulugamu wofumbwa mkati. Ndinauona ndithu pouimika kuti ndi wopepuka, koma ndinachita ulesi kukadula wina.

Ndinakhala pamwala paja. Alamu anatsika pansanja, anaona mzati, anaona ine. Ndinkadikira kuti anditukwane. Koma anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Alamu, zikuoneka kuti akapitawo athuwa sakondera."

Ndinasintha mizati yonse tsiku lomwelo, uliwonse ndikuugogoda kaye kuti ndimve kulira kwake.

Sabata yotsatira matope anali a laimu weniweni, mchenga wosefa kawiri, mizati yolimba. Koma njerwa zinkatsikabe. Osati zonse tsopano. Pa zisanu ndi zitatu, zinkatsika ziwiri, mwina zitatu. Masiku anali kutha, ndipo madzulo mitambo inayamba kuunjikana paphiri.

Tsiku lina alamu ali kuthengo, ndinakwera pansanja nkhungu isanabwere n'kuyang'ana ntchito ya m'mawa umenewo. Njerwa zitatu zinali zokhota, osati kwambiri, koma zokhota. Namakhwa amene ndinkamudziwa ine sakanayala njerwa zotero ngakhale ataledzera. Titamwa tiyi, zitatu zomwezo ndi zimene tinazipeza pansi.

Alamu ndinawatengera kuseri kwa chumuni, kumene achemwali sakanamva.

"Alamu, kodi chingwe chija mukuchiona?"

"Chingwe chiti?"

"Chimene mumayezera kuchokera pakati pa uta."

Anapalapala matope ouma m'zikhadabo. Kenako anati, "Diso lamanja linayamba chaka chatha. Lamanzere layamba chaka chino. Kwa inu nkhungu imabwera teni koloko. Kwa ine siichoka."

"Bwanji osanena?"

"Ndinene kuti chiyani? Mmisiri wosaona amulemba ndani? Ndipo akuti kuchipatala amalowetsa mpeni m'diso."

"Ng'ala imeneyo, amachotsa. Anansi athu a Khoromana anachotsedwa, pano akuwerenga nyimbo kutchalitchi osagwira buku chadodolido."

"Ndamva zonse," anatero mawu a achemwali kuchokera mbali ina ya chumuni. "Mukuganiza kuti sindinkadziwa? Munthu wothira mchere mu tiyi kawiri pa sabata?"

Alamu anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi chipewa. Anapita pansi pa uta, anayang'ana m'mwamba, n'kulankhula ngati akulankhula ndi anzawo a pantchito.

"Chabwino, mwandigwira. Koma kuphwasula kokhakokha sitimaliza. Mvula ili pafupi, anthu akufuna njira. Ngati mukuona bwino kuposa ine, muzinena nthawi yomweyo, osati kudikira ndikamwe tiyi."

Kunangodutsa kamphepo kozizira, ndi fungo lija la fodya.

Kuyambira m'mawa wotsatira tinagwira ntchito mwa mtundu wina. Ine ndinkakoka chingwe n'kuwauza pamene chafika. Iwo ankayala njerwa ndi manja, akuisisita m'mbali ndi zala, chifukwa zala zawo zinkaonabe. Akayala, ankaima n'kutchera khutu. Kukakhala zii, ankatenga ina. Koma nthawi zina, penapake m'khoma, mwina m'masitepe, kunkamveka ng'o, ng'o. Pamenepo ankaichotsa akung'ung'udza.

"Iyi ili bwino, inu! Taonaninso."

Ng'o, ng'o.

"Chabwino, chabwino. Anthu ovuta ngati apongozi."

Amayi otchola tiyi ankaima kumpanda n'kumaseka kuti a Namakhwa ayamba kukangana ndi khoma. Koma uta unakwera, mbali zonse ziwiri, ndipo palibe njerwa inatsikanso.

Inatsala ya pakati. Yakale ija inali yosweka, ndiye panafunika kusema yatsopano kuchokera ku njerwa zakale zimene tinazipeza kuseri kwa nyumba. Zoyenera zinalipo zinayi zokha. Yoyamba alamu anaisema mopitirira, inkagwedera. Yachiwiri inasweka m'manja. Yachitatu inalowa theka n'kukana. Kumeneko n'kuti bingu loyamba likugunda kuseri kwa phiri, ndipo Mayi Nkhonjera anali atatumiza uthenga kuti afika masana.

Alamu anatenga yachinayi. Anaitembenuza, anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa.

"Ndikaiphonya iyi, basi," anatero.

"Tsikani mumwe tiyi, mtima ukhazikike," anatero achemwali ali pansi.

Anaisiya pansanja, mpeni pambali pake, ndi matope pang'ono. Sindikudziwa ngati anachita dala. Sindinawafunsepo.

Nkhungu ya tsiku limenelo sindinaionenso. Inalowa mpaka m'chipinda cha mlonda, moti achemwali ndinkangowamva mawu. Kunja kunayamba kulira mpeni posema njerwa, tse, tse, tse, mosafulumira, ngati munthu amene ali ndi tsiku lonse. Kenako mapazi pamatabwa a nsanja, osati a munthu mmodzi. Kenako nyimbo ija ya chapansipansi imene amayi otchola tiyi ananena. Inali yosangalatsa, ndikuuzeni, ngakhale msana wanga unali kuzizira. Achemwali anayamba kuyankhira nawo mwakachetechete, mpaka ndinawatsina. Pomaliza kunamveka kugogoda katatu, kolemera, ndipo kunati zii.

Tinakhalabe pansi mpaka kunayera. Titatuluka, njerwa ya pakati inali pamalo pake, matope ake akadali aawisi, osalazidwa bwino. Pansi pa nsanja panali tizidutswa tofiira. Pamatope a m'mphepete mwake panali chidindo cha chala chachikulu, chotambalala kuposa changa ndi cha alamu. Mpeni unali wotsukidwa.

Mayi Nkhonjera anafika mvula itayamba kuwaza. Anakwera pansanja ndi magambuti awo, anayeza, anakanda matope ndi chikhadabo, anayang'ana nthawi yaitali njerwa ya pakati.

"Bambo Namakhwa, kasemedwe aka ndinangokaona pa nyumba zakale zokha. Munaphunzira kuti?"

Alamu anatsokomola. "Pantchito pomwe pano, mayi."

Tinafunditsa uta ndi malona, ndipo patapita masabata atatu ndinagwetsa chikombole. Anthu a midzi yonse itatu anabwera kudzaonerera, ataima patali ndithu. Ndinamasula mizati umodzi umodzi, mtima uli m'mwamba. Matabwa atatsika, panayoyoka kamchenga pang'ono, basi. Uta unaima wokha. Woyamba kudutsa anali mayi wina wosenza chimanga cha kuchigayo, amene sanadikire n'komwe kuti tichotse matabwa munjira, ndipo kumbuyo kwake kunabuka nthungululu.

Mwezi wotsatira achemwali anawakoka alamu kupita nawo kuchipatala, ine nditawagwira dzanja linalo kuti asathawe. Anachotsa ng'ala ya diso lamanja. Atachira, chinthu choyamba chimene anapempha chinali chakuti tipite ku Namuthuwa.

Tinafika m'mawa, kuli dzuwa, tiyi akuwala m'minda yonse, mphepo kulibe ngakhale yogwedeza tsamba. Alamu anaima pakati pa msewu, manja m'chiuno, akuyang'ana uta wawo kwa nthawi yoyamba ndi diso loona. Anawerenga njerwa kuchokera kumanzere, anawerenganso kuchokera kumanja. Ndinaona kuti akondwa, koma Namakhwa ndi Namakhwa. Anatsinzina diso linalo, anapendeketsa mutu, n'kuloza ya pakati.

"Alamu, mukuiona iyo? Yapendekera kumanzere pang'ono. Ndikanayala ine..."

Sanamalize. Chipewa chawo chinachoka pamutu ngati wina wachimenya ndi khofi kuchokera kumbuyo, chinagubuduka m'msewu, chinadutsa pansi pa uta, n'kukagwa mbali inayo m'ngalande.

Ine ndi achemwali tinayang'anana. Alamu anayenda pang'onopang'ono kukachitola, anachikutumula, koma sanachivale. Anachigwira pachifuwa ndi manja awiri, anawerama pang'ono, n'kunena mwaulemu wonse:

"Ndimangocheza, akuluakulu. Yakhala bwino zedi."